Tsiku Limene Sikuta Sinafike ku Nyalugwe

Tamala mwana wanga, iwe ndi abale ako mwakhala mukundifunsa chimene chinatichotsa ku Kacholola mwadzidzidzi muli ang'ono, ndipo ine ndakhala ndikuyankha kuti mbusa amapita kumene watumidwa. Limenelo si bodza, koma si nkhani yonse. Tsopano ndinapuma pa nchito, amai anu anatsogola, ndipo maso anga ayamba kuchita chidima. Ndaona kuti ndilembe ndekha mmene zinayendela, kuti musadzazimve kwa ena. Za ubwana wanga ndi za kusukulu ya ubusa ndazisiya. Ndiyambila pamene ndinayamba nchito.

1964, Petauke

Ndinadzozedwa ubusa chaka chimene dziko lathu linalandila ufulu, ndipo akuluakulu a mpingo ananditumiza ku Petauke kuti ndikakhale pansi pa abusa aakulu, a Sakala. Anali munthu wamfupi, wa mau ochepa, wosaseka ndi wophunzila. Pa Sondo ndikamalalika ankakhala kumbuyo kwanga wotchi ili m'manja, ndipo ndikatalikitsa ankatsokomola kawili. Lolemba m'mawa ankandiitanila pakhonde n'kundionetsa malo onse amene ndinalalika za ine mwini m'malo mwa Mau. Ndinkawaopa kwambili, ndipo panapita zaka ndisanazindikile kuti ndinkawakondanso.

M'kachipinda kosungilamo mabuku a nyimbo munali sikuta yobiliwila, yofunditsidwa masaka. Anaisiya mmishonale wina amene anabwelela kwao ufulu utayandikila. A Sakala sanaikwelepo n'kamodzi komwe. Ankati Mulungu anawapatsa miyendo ndi njinga yopalasa, ndipo chinthu cholila ngati mavu sichiyenela munthu wa imvi. Koma itabwela nkhani yoti ndipite ku Kacholola, kumene kunali timipingo tomwazikana mpaka ku Nyalugwe, anatsegula kachipindako n'kundipatsa makiyi.

"A Mwanza," anatelo, "sikuta iyi si yanu. Ndi ya anthu amene mukawatumikile. Tsiku limene mudzaiyese yanu, mudzandibwezele makiyiwa."

Ndinaphunzila kuiyendetsa ndekha pabwalo la mpila la sukulu. Tsiku lachiwili ndinakalowa nayo mumpanda wa nkhadze, utomoni n'kundigwela m'diso, ndipo pa Sondo ndinalalika diso limodzi lili lomanga. Tsiku limenelo lokha a Sakala sanatsokomole.

1966, Kacholola

Tinafika ku Kacholola pa lole yonyamula chimanga, ine, amai anu a Esnati, ndi iwe Tamala uli kumsana. Sikuta tinaimangilila pamwamba pa matumba. Nyumba ya abusa inali ya zidina zosaotcha, ndipo mbali imodzi ya denga inali itadyedwa ndi chiswe. Amene anatilandila anali a Lungu, mkulu wa mpingo, mlimi wolimbikila wa thonje, munthu wa mau aakulu poimba. Masiku atatu asanathe anabwela ndi ngolo yao yodzaza mitengo ndi udzu, n'kukwela okha padenga. Ndalemba zimenezi kuti mukamawelenga za kutsogolo musaiwale kuti denga limene munakulila pansi pake anafolela ndi a Lungu.

Malipilo a mbusa masiku amenewo ankabwela mochedwa, ndipo akabwela sankatifikitsa patali. Tinkadya za m'manja mwa anthu. Midzi inagawana masabata, sabata ino unga uchokele kumudzi wa kumsewu, sabata ya mawa kumudzi wa kuseli kwa phili. Ena ankabweletsa nshawa, ena maungu, ena nsomba zouma za ku Luangwa. Amai anu anali mwana wa kalaliki wa pa boma, anakulila m'nyumba ya malata, ndipo kulandila kunkawapweteka mumtima. Tsiku lina mai wina wamasiye anabwela ndi mazila atatu m'kambale, iye mwini atavala chitenge chong'ambika. Amai anu anamuuza mwaulemu kuti akadyetse ana ake, ndipo maiyo anabwelela akupukuta misozi. Masana omwewo kunabwela amai Njobvu, mtsogoleli wa amai a mu mpingo, amene ankagulitsa nthochi pamsewu waukulu. Anakhala pamphasa, n'kuyamba kulankhula asanapatsidwe n'komwe madzi.

"Anyina Tamala, munthu uja mwamuchita chipongwe. Mwamuuza kuti iye ndi wosauka kwambili moti alibe chopatsa Mulungu. Kuno mbusa alibe munda. Munda wake ndife. Mukakana za m'manja mwathu, ndiye kuti mwatitulutsa m'tchalitchi."

Amai anu anavala mpango, n'kupita kwa mai wamasiye uja kukapempha mazila aja. Kuyambila tsiku limenelo ankalandila chilichonse ndi manja awili, atagwada.

Chaka chomwecho petulo anasowa chifukwa cha mavuto a kum'mwela, ndipo kusowa kumeneku kunkapita n'kubwelanso kwa zaka zambili. Sikuta ikanangokhala pakhonde pakanapanda amai Njobvu. Magalimoto ochokela ku Lusaka ankaima pa Kacholola kuti injini zizizile atakwela mapili a ku Luangwa. Amai a mu mpingo mwathu akamagulitsa nthochi ankapatula phava limodzi labwino, ndipo dalaivala akaloza limenelo ankamuuza kuti, "Ili si la ndalama, bambo. Ili ndi la botolo." Dalaivala ankaseka, n'kuyamwa paipi, n'kudzaza petulo m'botolo la zakumwa. Mabotolowo ankawatseka ndi zitsononkho n'kuwasunga m'kankhokwe kuseli kwa tchalitchi. Ine ndinkasefa petuloyo ndi mpango wa m'thumba n'kusakaniza ndi oilo. Choncho ulendo uliwonse umene ndinayenda unachokela m'minda ya nthochi ya amai amenewo, ndipo ndinkadziwa zimenezo nthawi zonse poliza injini.

Sikutayo sinkanyamula Mau okha. Inanyamula amai amene mwana wapingasa m'mimba, ana olumidwa ndi njoka, makalata a anthu a kumigodi, ndi mchele pamene mchele unasowa m'masitolo. Popita ku mpingo wapafupi tinkakwela tonse, iwe Tamala utaima kutsogolo pakati pa miyendo yanga, amai anu kumbuyo, mlongo wako Yona ali kumsana kwao.

1970, Nyalugwe

Kutali kwambili kunali ku Nyalugwe. Ndinkafikako katatu pachaka, chifukwa mvula ikayamba mitsinje inkatseka njila mpaka Epulo. Anthu a kumeneko ankasunga ana awo obadwa, maukwati awo ndi milandu yawo kudikila tsiku limene adzamve kulila kwa sikuta m'thengo.

Kumeneko ndinadziwana ndi a Yobe Zulu, mlenje wokalamba amene kale ankaseka anthu opemphela. Akazi awo atamwalila anayamba kumakhala pansi pa mtengo kunja kwa tchalitchi, kenako pakhomo, kenako anadzalembetsa kalasi ya ubatizo pamodzi ndi ana a msinkhu wa adzukulu awo. Sankadziwa kuwelenga. Mwana wawo wamwamuna, a Faneli, ndi amene ankawawelengela mafunso, iwo n'kumaloweza pamtima. Tsiku lina atandipelekeza kusikuta anandigwila mkono.

"Abusa, ine ndapha nyama zosawelengeka, ndipo munthu mmodzi ndinamuthyola nsagwada kumowa, anafa asanandikhululukile. Madzi anu aja, a m'kambale, angakwane munthu ngati ine?"

"Akwana, bambo," ndinayankha.

Anatha zaka zitatu m'kalasimo. Pomaliza akulu a mpingo anawavomeleza, ndipo tinapangana kuti ndidzawabatiza pa ulendo wanga womaliza mvula isanayambe, kuchiyambi kwa Novembala. Nthawi imeneyo chifuwa chinali chitawagwila kale.

1973, Kacholola

Pofika chaka chimenechi dziko linali la chipani chimodzi, ndipo a Lungu anali atasankhidwa kukhala tcheyamani wa Chipani kudela kwathu. Khadi la Chipani linkafunika pamsika, pokwela basi, ngakhale pogula sopo akapezeka. Sindikunamizani, ana anga, ine ndinali nalo khadi langa, ndipo pa Sondo ndinkapemphelela atsogoleli a dziko ndi mtima wonse. Koma pa Kacholola panali mabanja angapo a chipembedzo china amene ankakana kugula makhadi, ati chikhulupililo chawo sichilola. Mmodzi wa iwo anali a Tembo, mmisili wa matabwa. Ndi iwo amene anatipangila mabenchi a m'tchalitchi, koma powabweletsa ankawatula panja pakhomo, osaponda mkati.

Linali Loweluka m'mawa. Kwa masabata asanu ndi limodzi amai a mu mpingo anali atasonkhanitsa mabotolo, ndipo petulo anali wovuta kwambili chaka chimenecho chifukwa malile a kum'mwela anali otseka. Anangokwana ulendo wa ku Nyalugwe, kupita ndi kubwela. Ndinali nditamangilila kale bokosi la Mgonelo pampando wa kumbuyo pamene ndinamva phokoso kumsika. Posakhalitsa anatulukila akazi a a Tembo akuthamanga, mpango utagwa kumutu. Anagwada pabwalo pathu osatha kulankhula, akungoloza kumsewu.

Nditafika ndinapeza a Tembo ali gone m'mphepete mwa msewu, mutu utang'ambika, mkono utapindikila kumene mkono supindikila. Achinyamata a Chipani anali ataima chapafupi ndi ndodo zawo. Anthu a pamsika, ambili a iwo akhristu anga, anaima patali. Inadutsa galimoto imodzi, dalaivala n'kuchepetsa liwilo, koma achinyamata aja anamukodola kuti apitilile. A Lungu analipo. Sindinawaone akumenya, ndipo sindikhulupilila kuti anamenya, koma sanaletse. Anabwela kwa ine n'kulankhula motsitsa mau.

"Abusa, bwelelani kunyumba. Iyi si nkhani ya mpingo."

"A Lungu, munthuyu afa."

"Akafa wadzipha yekha ndi liuma lake. Khadi ndi kapepala chabe. Inuyo muli nalo, ine ndili nalo, iyeyu ndi woyela kuposa ife?" Kenako anakweza mau kuti onse amve. "Ndiponso petulo ali m'sikutamo si wanu. Ndi wa amai awa. Apsa ndi dzuwa pamsewu pano kusonkhela ulendo wa ku Nyalugwe. Mukufuna kuotcha petulo ameneyu chifukwa cha munthu amene amati tchalitchi chathu ndi nyumba ya mdyelekezi?"

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandilasa. Ndinayang'ana amai Njobvu, amene anali ataima pafupi ndi nthochi zawo, kuti mwina andipatsa chizindikilo. Iwo anayang'ana pansi. Ndinaganiza za a Yobe Zulu ndi chifuwa chawo, ndi ana onse amene anali kudikila ubatizo. Ndinadziwa kuti ndikapita ku Nyimba sindidzakhalanso ndi petulo wa ku Nyalugwe, ndipo wapansi ndi ulendo wa masiku awili. Ndikuvomela pamaso panu kuti phazi langa linali litatembenukila kale kunyumba.

Potembenuka ndinaona amai anu akubwela akukankha sikuta, thukuta lili kamukamu, chifukwa inali yolemela. Anaiimika pafupi nane.

"Awisi Tamala, bokosi la Mgonelo ndalitsitsa, lili m'nyumba. Mpando wa kumbuyo ulibe kanthu. Mukafuna kupita ku Nyalugwe ndikalibweletsanso."

Sindinganene kuti amai anu anandisankhila. Makiyi anali m'thumba mwanga, ndipo ndinawatulutsa ndekha. Palibe mwamuna amene anabwela kudzatithandiza. Tinawanyamula a Tembo ine, amai anu ndi akazi awo, n'kuwakhazika kumbuyo. Amai anu anamasula chitenge chawo chapamwamba n'kuwamangilila a Tembo kumsana kwanga monga amamangila mwana.

"Abusa," anatelo a Lungu injini italila, "zimene mwanyamulazo mwazinyamula pamutu panu."

Ndinayenda pang'onopang'ono chifukwa mutu wawo unkagwela paphewa langa. Magazi analowa m'kolala yanga n'kutsikila kumsana. Njila yonse ankanong'ona mapemphelo a kwao, ndipo akasiya ndinkawaitana dzina mpaka ayambenso. Kuchipatala ku Nyimba anawalandila msanga. Anesi atandifunsa chimene chinachitika, kenako wapolisi atandifunsanso, ndinanena zimene ndinaona, kuti amenyedwa pamsika ndi achinyamata a Chipani chifukwa cha khadi. Wapolisiyo anasiya kulemba n'kundiyang'ana.

"Abusa, mukufuna ndilembe choncho? Anthu ena amagwa padenga."

"Lembani choncho," ndinatelo.

Pamalo ogulitsila petulo pa Nyimba panalibe ngakhale dontho. Wotsala m'thanki anandithela ndisanafike ku Kacholola, chifukwa popita ndinayenda ndi giya yoyamba njila yonse, ndipo kotsalako ndinakankha. Ndinalemba kalata yopita ku Nyalugwe, koma panalibe mkhristu amene analola kuinyamula. Inapita ndi wamalonda a nsomba wa panjinga, n'kukafika Lachiwili. Pambuyo pake ndinamva kuti pa Sondo paja anthu anasonkhana kuyambila m'mawa. A Yobe Zulu anawanyamula pamachila, atavala malaya oyela amene anawasunga miyezi yambili. Anadikila mpaka dzuwa kupendeka, akumatchela khutu kuthengo. Anamwalila Lachinai.

Masabata otsatila

Lolemba a Lungu anaitanitsa msonkhano, n'kulengeza kuti aliyense wopezeka akupita ndi chakudya kunyumba ya abusa asayembekezele feteleza chaka chimenecho. Inali nthawi yokonzekela kubyala, ndipo munthu wa ana sangaseweletse feteleza. Sindinawaimbe mlandu. Pabwalo pathu, pamene tsiku silinkapita popanda mlendo, panamela zii. Unga unatha sabata yoyamba. Amai anu ankaphika mango osapsa ndi masamba a m'dambo, ndipo iwe Tamala unafunsa ngati anthu onse anasamuka. Pa Sondo m'tchalitchi munkabwela anthu osakwana kudzaza mabenchi awili. A Lungu ankabwela, n'kukhala pamalo awo a nthawi zonse, n'kumaimba ndi mau awo aakulu aja. Ndinkawapatsa moni pakhomo, iwo n'kuyankha mwaulemu.

Sabata yachitatu amai anu anabwela kuchokela kumtsinje ndi beseni la zochapa, akuyenda mopindika. Atatula tinapeza pansi pa zovala zonyowa pali unga womangidwa m'kansalu ndi nshawa pang'ono. Anati anasiya beseni pamwala n'kupita kukayanika, ndipo sanaone munthu. Zinachitikanso kangapo. Mpaka lelo sindidziwa amene ankachita zimenezo, ndipo amai anu sanayesepo kufufuza, poopa kumuika munthu m'mavuto.

A Tembo anachila, koma mkono wawo sunagwilenso sowo. Atatuluka m'chipatala banja lawo linasamuka, ena amati linaoloka malile. Sindinawaonenso.

Kenako kunabwela kalata yondiitana ku Petauke. Ndinawapeza a Sakala pakhonde lomwe lija, atakalamba, wotchi ili pathebulo. Sanandifunse za ulendo.

"Ndinakuuzani chiyani za sikuta ija?"

"Munati si yanga, abusa."

"Nanga?"

"Tsiku limenelo ndinaitenga ngati yanga. Sindinafunse eni petulo. Makiyi ndi awa."

Ndinawaika pathebulo. Anawayang'ana nthawi yaitali osawagwila.

"Kalata ya a tcheyamani inafika ku boma, ndipo ya ku boma yafika kwa ine. Mukakhala ku Kacholola a boma atseka tchalitchi, anthu aja adzasowa kopemphela chifukwa cha inu. Ndakambilana ndi akuluakulu. Mupita ku Sandwe mwezi uno usanathe." Anatsokomola, koma ulendo uno chinali chifuwa chenicheni. "Ndikanakhala ine, a Mwanza, ndikanapita ku Nyalugwe, chifukwa ndinalonjeza. Koma sindikudziwa ngati ndikanachita bwino. Ndapemphela masiku atatu, yankho sindinalipeze. Tengani makiyi anuwo. Ku Sandwe kulibe msewu woyenela sikuta, koma odwala aliko."

Za ku Sandwe mukuzikumbuka nokha, chifukwa munali mutakula. Tinakhalako zaka zisanu ndi zinai, pakati pa mchenga, nchenche zoluma za kashembe ndi njovu zodya m'minda. Anthu a kumeneko anamva kuti kukubwela mbusa wothamangitsidwa, komabe anatidyetsa mapila ndi uchi osatifunsa mafunso. Sikuta inatumikila zaka zina zisanu, matayala tikumawasoka ndi kuwadzaza udzu machubu atasowa, mpaka chitsulo china cha mu injini chinasweka ndipo m'dziko lonse simunapezeke china. Koma tisanachoke ku Kacholola panali ulendo umodzi umene simuudziwa.

Novembala, Nyalugwe

Kutatsala masiku anai kuti tisamuke, amai Njobvu anabwela kunyumba dzuwa lili pamutu, podutsa pamsika penipeni, dengu la nthochi lili pamutu. Atatula anachotsa nthochizo, ndipo pansi pake panali mabotolo.

"Tsiku lija ndinayang'ana pansi, abusa," anatelo. "Ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Koma tulo sindikuona. Awa ndi a ku Nyalugwe. Pitani mukaonekele mvula isanatseke njila."

Ndinanyamuka m'mawa mwake. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana chakuchigwa. Nditafika anthu anatuluka m'nyumba, koma sanandithamangile monga mwa masiku onse. Ndinabatiza ana, ndinagawa Mgonelo, ndipo ndinawafotokozela zonse popanda kubisa, n'kupepesa. Ena anagwedeza mitu. A Faneli, mwana wa a Yobe, sanalowe m'tchalitchi. Ndinawapeza kunyumba kwao akusema mpini. Ndinakhala pansi, n'kupeleka chipepeso cha malilo monga mwa mwambo. Anapitiliza kusema kwa kanthawi, kenako anaimilila.

"Tiyeni mukaone pamene agona."

Manda anali kuseli kwa mudzi, dothi likadali lofiila. Tinaima mbali ziwili za mtumbila.

"Munthu amene munanyamulayo ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ndi wa mpingo wathu?"

"Iyai."

"Anakuthokozani?"

"Sindinaonane nawo. Anasamuka."

A Faneli anayang'ana dothi. "Atate anandifunsa Lachitatu, mau atatsala pang'ono. Anati, kodi kumene ndikupitako akandilandila wopanda madzi aja? Ine sindine mbusa. Ndinasowa chowayankha. Anafa akudikila yankho. Tsopano ndiyankheni inu."

Ndinawauza zimene ndimakhulupilila mpaka lelo, kuti wachifwamba uja wa pamtanda sanabatizidwe, ndipo Ambuye sanamufunse za madzi. Ndinati atate awo anagogoda zaka zitatu, ndipo amene anachedwa ndine, osati iwo.

"Mau amenewo ndi abwino," anatelo a Faneli. "Atate akanawamva okha."

Kenako anandiuza kuti ndipemphele pomwepo, ndipo ndinapemphela. Ndinawelenganso mau onse a ubatizo amene ndikanawanena tsiku lija, ngakhale buku la mapemphelo sililamula zotelo pamanda. Iwo anaima chilili, chipewa chili m'manja.

Pobwelela anandisiya pasikuta n'kulowa kuseli kwa nyumba. Anatuluka atanyamula tambala wamkulu wofiila, miyendo yomanga ndi luzi.

"Uyu atate anamusunga kuyambila ali kamwanapiye. Anati ndi wa abusa, adzadye tsiku la ubatizo wanga. Pamalilo anthu anafuna kumupha, ine ndinakana." Anamumangilila okha kumbuyo kwa mpando, n'kukoka mfundo kawili. "Musaganize kuti ndakukhululukilani, abusa. Mwina chaka china, lelo iyai. Koma tambalayu si wanga, ndipo pakhomo pano sangakhale. Tengani."

Ndinalandila ndi manja awili. Mvula yoyamba inandipeza ndili pakati pa njila, ndipo mtsinje womaliza ndinauoloka madzi ali m'maondo, ndikukankha. Nditafika ndinawafotokozela amai anu zonse. Anamvetsela osandidula mau, kenako anati mphatso ya womwalila siisungidwa, iyenela kuchita chimene mwini wake anafuna. Anamupha tambalayo tsiku lomwelo n'kumuphika.

Inu ana munali mutatha mwezi wathunthu osalawa nyama. Munadya mokondwa, Yona mpaka kuphwanya mafupa, ndipo iwe Tamala unafunsa kuti nkhuku yabwino chonchi yachokela kwa yani. Amai anu anakuuza kuti yachokela kwa agogo ena a ku Nyalugwe amene ankakonda abusa. Kenako anatenga chiwalo chachikulu n'kuchiika m'mbale yanga. Ndinakankhila mbaleyo kwa inu, koma iwo anaibweza.

"Awisi Tamala," anatelo motsitsa mau, "anasungila inu. Idyani."

Ndinadya, ana anga. Pa zakudya zonse zimene anthu a Mulungu anandipatsa pa zaka makumi atatu za ubusa, palibe chimene chinandivuta kumeza ngati chimenecho, ndipo ndinachimaliza chonse.